Kujambula timbalame ta m'nkhalango ku Zomba ndi ku Mulanje, mmene ndimachitira ine

Munthu akaona chithunzi cha kambalame kachikasu kali pa nthambi, diso lili mbee, nthenga iliyonse ikuoneka, funso lake loyamba limakhala loti kamera yake ndi yanji. Ndimayankha ndithu koma mumtima ndimaseka, chifukwa kamera yomweyo ndinakwera nayo phiri la Zomba ulendo woyamba n'kubwerako ndi zithunzi zoposa 300 za masamba okhaokha. Masamba, nthambi, ndi kachinthu kakuda pakona penapake komwe ndinkalumbira kuti ndi mbalame koma aliyense kunyumba ankati ndi chitsa. Tsiku lonse ndinangokhalira kuyenda, ndikamva kulira uku ndathamangira, ndikamva uko ndathamangira, mbalame zili phee kundionerera.

Vuto la m'nkhalango yachilengedwe ndi loti muli mdima, timbalame take ndi tating'ono ngati chibakera cha mwana, ndipo pakati pa inu ndi iko pamakhala timitengo zana. Sizili ngati ku Liwonde komwe nkhwazi imakhala pamtengo wouma dzuwa lili phwee n'kumakudikirani. Nde njira yomwe ine inandithandiza ndi yosiya kuthamangitsa mbalame, n'kuphunzira kukhala pamalo pomwe mbalameyo ibwere yokha. Zina zonse ndilembe m'munsimu ndi zongothandizira zimenezo.

Yambani ndi kusankha nkhalango, komanso mbalame imodzi

Musapite ndi maganizo oti ndikajambula chilichonse chomwe ndikaone. Sankhani mbalame imodzi kapena ziwiri, muwerenge za izo, mudziwe kuti zimakonda pansi, pakati kapena pamwamba pa mitengo, zinazo zikabwera ndi bonasi.

Ku Zomba n'kosavuta kuyambirako chifukwa msewu wa tara umakafika pamwamba ku Ku Chawe. Pamwambapo mbali yaikulu ndi paini wobzala, ndipo mu paini mulibe zambiri, musataye nthawi m'menemo. Funani tizigawo ta nkhalango yachilengedwe totsalira m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi, cha ku Trout Farm ndi njira yopita ku Williams Falls. Kumeneko ndi komwe mungapeze Yellow-throated Apalis, kambalame kachikasu kumimba kokhala ndi mzere wakuda pachifuwa ngati kavala mkanda, kotalika masentimita 12 basi. Kameneka padziko lonse kamapezeka ku Malawi kokha, m'mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa, ndipo kali pa mndandanda wa mbalame zomwe zili pachiopsezo chotha. Konko kulinso White-starred Robin, mutu wotuwa mobiriwira ngati sileti, mimba yachikasu chowala, ndipo kamene kamanditengera mtima ine ndi kameneka chifukwa kamadekha pang'ono, kamakupatsa mpata wopuma.

Mukazolowera, pitani ku Mulanje, makamaka ku Ruo Gorge komwe mumadutsira m'minda ya tiyi ya ku Lujeri, kapena ku Thyolo m'tinkhalango tomwe tinasungidwa mkati mwa esiteti ya Satemwa. Uko ndi kwa Thyolo Alethe, mbalame yofiirira kumsana, pakhosi poyera, yokonda pansi m'malo a mdima weniweni. Dzina inatengera phiri la Thyolo koma nkhalango ya paphiripo inadulidwa pafupifupi yonse, moti lero yatsalira m'tizigawo ting'onoting'ono kuno ndi m'mapiri a kumpoto kwa Mozambique monga Namuli, Mabu ndi Chiperone. A ku Lilongwe musati ife tatsalira, Ntchisi Forest Reserve ili pafupi, ndipo a kumpoto muli ndi Nyika, Misuku komanso nkhalango za kufupi ndi Nkhata Bay komwe kuli East Coast Akalat. Kulikonse komwe mwasankha, funsani chilolezo kwa a zankhalango kapena eni esiteti ndipo tengani gaidi wa konko. Sikuti musasochere kokha ayi, anyamata amenewa amadziwa mtengo weniweni womwe kambalame kamakonda, zomwe inu zikanakutengerani masiku atatu iwo amakulozerani ndi chala.

Nyengo ndi ola

Miyezi yabwino kwa ine ndi kuyambira Seputembala mpaka Disembala mvula isanakhazikike. Nthawi imeneyi zambiri zikukonzekera kuswa, zazimuna zikuimba mosalekeza ndipo iliyonse ili pamalo pake, mukaipeza lero mawa mukaipezanso pomwepo. Januwale ndi Febuluwale mbalame zilipo koma njira ndi zoterera, misundu ili yakaliyakali, kamera imanyowa. M'miyezi yozizira, Juni ndi Julayi, zimakhala chete, zina zimatsika kuphiri kupita kumunsi kofunda, ndipo chiperoni chikagwa mumangoona utsi woyera basi, olo dzanja lanu simuliona.

Za ola anthu amati lawirani m'bandakucha, n'zoona koma pali kanthu. Mu Okutobala kuno kumacha cha m'ma 5 koloko, ndipo nthawi imeneyo mbalame zimaimba zedi, koma pansi pa mitengo pamakhala padakali bii, kamera singachite kanthu. Nde ine ola loyambalo ndimagwiritsa ntchito makutu, kamera ili m'chikwama, kumangomvera kuti uyu akuimbira pati, uyo ali pati. Kujambula kwenikweni kumayamba cha m'ma hafu pasiti 6 mpaka 10. Ndipo musadane ndi tsiku la mitambo yopyapyala. Dzuwa likawala kwambiri m'nkhalango limapanga timadontho, apa poyera mbee apa pakuda bii, mbalame imatuluka ngati yavala yunifomu ya asilikali. Kamtambo kamasalaza kuwala konseko.

Makutu kaye

M'nkhalango mbalame khumi zomwe muzimve, muona imodzi kapena ziwiri. Musanapite lowani pa xeno-canto, webusaiti yomwe anthu amaikapo kulira kwa mbalame za padziko lonse, mutsitse kulira kwa mbalame zanu zija muzimvetsera pa minibasi, pophika, pochapa, mpaka zikulowe m'mutu ngati nyimbo ya kwaya. Pa foni ikaninso Merlin, pulogalamu yothandiza kuzindikira mbalame, ndi eBird, yolembapo mbalame zomwe mwaona, onse ndi a Cornell Lab of Ornithology ndipo ndi aulere. Pa eBird mumatha kuona kuti ena anaona chiyani pamalo pomwe mukupitapo komanso mwezi wanji. Mutsitsiretu zonse muli m'tauni chifukwa m'zigwa za ku Mulanje netiweki imasowa. Merlin yo musaikhulupirire kwambiri pa kulira kwa mbalame za m'mapiri athu, pena imangokupatsani dzina la mbalame ina yake, gaidi wanu amaiposa kutali.

Ma apalis amakonda kuimba awiriawiri, mwamuna akayamba mkazi amalandira, nde mukamva choncho dziwani kuti ali awiri ndipo sali kutali.

Zida

Ndinene chilungamo, foni siyingathe ntchito imeneyi, olo ikhale yodula bwanji. Makamera aja a zoom yaitali ngati Nikon P900 ndi abwino ku nyanja ndi kudambo koma sensa yake, kachipangizo kam'kati kolandira kuwala, ndi yaing'ono, mukalowa nayo mumdima zithunzi zimatuluka ngati phala. Chomwe mukufuna ndi kamera yosintha malenzi, olo yogwiritsidwapo kale ntchito, ndi lenzi ya 300mm kapena 400mm. Ambiri amathamangira 150-600mm ya Sigma kapena Tamron poganiza kuti kutalika ndiye zonse. Ndi lenzi yabwino, koma ku 600mm imakhala pa f/6.3 (nambala ya f ikakula, kuwala kolowa kumachepa), imalemera pafupifupi makilo 2, ndipo m'nkhalango simuona patali ngakhale pang'ono, mbalame zambiri muzijambula zili pa mamita 4 mpaka 8. Lenzi ya 300mm f/4 imalowetsa kuwala kuwirikiza kawiri kuposa ya f/5.6, ndipo mumdima muja kusiyana kumeneko ndi kwakukulu kuposa mamilimita owonjezera. Ngati muli ndi 150-600 kale musagulenso ina, ingogwiritsani ntchito, kungoti muzidziwa malire ake.

Tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, ine ndinaisiya, miyendo yake imakola m'ziyangoyango ndipo mukamaikonza mbalame yapita kalekale. Monopod, ija ya mwendo umodzi, ndiye mnzanga. Tengani mabatire awiri kapena atatu otchaja kale chifukwa kuphiri kukazizira amatha msanga komanso magetsi athuwa mukuwadziwa, memori khadi yapadera, kapulasitiki kokutira kamera mvula ikayamba, ndi kansalu kopukutira lenzi. Zovala zikhale zosawala, zobiriwira, zakhaki kapena zotuwa, za pa kaunjika zomwezi n'zokwanira palibe chifukwa chogulira za asilikali. Pewani jekete ija ya pulasitiki yolira tswatswatswa mukangosuntha mkono. Masokosi ataliatali, buluku mulowetse m'masokosimo, chifukwa chake muchimva posachedwa. Kampando kopinda kapena thumba la saka lokhalira.

Konzani setingi musanalowe

Izi chitirani panja pamene pali kuwala, osati kambalame katafika kale nde mukuyamba kufufuza mu menyu.

Ikani pa RAW, fayilo yosunga zonse zomwe kamera yajambula, osati JPEG yokha, chifukwa zithunzi za mumdima zimafuna kukonzedwa pambuyo ndipo JPEG simalola zambiri. Ine ndimaika kamera pa M n'kuyatsa Auto ISO, kutanthauza kuti aperture (kukula kwa bowo la lenzi lolowetsa kuwala) ndi shata (nthawi yomwe kuwala kumalowa, mwachitsanzo 1/400 ya sekondi) ndimasankha ndekha, ISO (mphamvu yowalitsira chithunzi mumdima) kamera imadzisankhira. Aperture tsegulani mpaka pamapeto, f/4 kapena f/5.6 kapena pomwe lenzi yanu imalekezera. Shata yambirani pa 1/400. ISO muilole ikwere mpaka 6400 pa kamera za sensa yaing'ono, za sensa yaikulu ya full frame olo 12800.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, amaopa ISO ngati mfiti. Munthu anamva kuti ISO yokwera imabweretsa timchengamchenga pachithunzi nde amaikakamiza pa 400, shata n'kutsika mpaka 1/30, zotsatira zake mbalame imatuluka ngati mzukwa. Mchenga uja umachotseka pa kompyuta, koma chithunzi chogwedera palibe sing'anga angachichiritse. Bola mchenga.

Shata yo muziisintha molingana ndi khalidwe la mbalame. Apalis sakhazikika, ali apa ali apo kusakasaka tizilombo kunsi kwa masamba, ameneyo amafuna 1/800 kapena 1/1000, nde mujambuleni m'mphepete mwa nkhalango kapena m'njira momwe kuwala kumalowa. Alethe ndi robin amatera pa kanthambi kapena pa chipika n'kuima duu kwa timasekondi tingapo akuyang'ana pansi, amenewo mutha kutsika mpaka 1/160 olo 1/100 ngati muli pa monopod ndipo lenzi ili ndi IS kapena VR, zija zochepetsa kugwedera, bola mujambule zambiri motsatizana. Pa zithunzi khumi, ziwiri zimatuluka zakuthwa, ndipo ziwirizo n'zokwanira.

Fokasi ikani pa kadontho kamodzi kapakati. Mukaika kuti kamera isankhe yokha imagwira tsamba lomwe lili kutsogolo nthawi zonse, ilibe nazo ntchito zoti inu mwabwerera mbalame. Makamera atsopano a mirrorless ali ndi zija zozindikira diso la mbalame, zimathandiza ndithu ikakhala poyera, koma m'ziyangoyango nazonso zimasokonezeka, nde sungani batani limodzi loti mukadina libwerere pa kadontho kamodzi kaja. Ngati lenzi ili ndi kaswitchi kochepetsa mtunda wa fokasi, kagwiritseni ntchito kuti isamapite kutali n'kubwerera. Zimitsani kabiipu kaja, ndipo ngati kamera ili ndi shata yosalira iyatseni.

Kupeza pokhala

Tsopano nkhani yeniyeni. Mbalame za m'nkhalango zili ndi malo omwe zimabwera zokha, ntchito yanu ndi kuwapeza.

Oyamba ndi linthumbu. Inde, linthumbu lomwe limatithamangitsa m'nyumba usiku lija. Likamayenda mwaunyinji kusaka chakudya pansi pa masamba, tizilombo tonse, ziwala, akangaude, mphemvu za m'tchire, timathawa kutsogolo kwake, ndipo alethe, robin ndi ma greenbul, abale a pumbwa a m'nkhalango, amabwera kudzatola othawawo. Thyolo Alethe imadziwika kwambiri ndi khalidwe limeneli, moti gaidi wodziwa ntchito sayang'ana m'mwamba pofuna alethe, amayang'ana pansi. Koma siyanitsani, mzere woonda uja wongodutsa njira ngati chingwe chakuda sumathandiza kwenikweni, funani pomwe lamwazikana ngati mkeka, pomwe mumamva masamba ouma akuchita waaa ngati kukugwa kamvula kowaza. Mukapeza pamenepo onani komwe likulowera, mukakhale chakumbali, mamita 5 kapena 6, osati kutsogolo kwake. Ine ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina ku Mulanje ndili ndwii pa kamera, alethe yangotera pa chipika koyamba m'moyo wanga, ndinangomva kutentha m'miyendo, kuyang'ana pansi nsapato zakuda bii, linthumbu lafika kale m'mawondo. Ndinavina gule wosayembekezera, buluku kuvula pomwepo, gaidi wanga kuseka mpaka misozi, alethe osaonekanso tsiku limenelo. Nde muziyang'ana pansi pakapita mphindi ziwiri zilizonse, ndi chifukwa chake ndinati buluku m'masokosi.

Achiwiri ndi madzi. M'chilimwe, Seputembala ndi Okutobala, kachithaphwi kakang'ono kosazama m'mbali mwa mtsinje, kamene kali pamthunzi ndipo pafupi pali kachitsamba kothawiramo, ndi bafa la mbalame zonse za dera limenelo. Onani timanyi toyera pamiyala ndi tinthenga, mukationa ndi pomwepo. Zimakonda kubwera kukatentha masana komanso chakumadzulo cha m'ma 4.

Achitatu ndi mtengo wa zipatso kapena wamaluwa. Mkuyu ukapsa, kapena tizipatso tija anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu wokwera ku Zomba, apumbwa ndi abale awo a m'nkhalango sachokapo. Maluwa ofiira amakoka achoso. Ubwino wa malo otere ndi woti nthawi zambiri amakhala m'mphepete momwe muli kuwala.

Pomaliza pali gulu. Pena nkhalango imakhala zii kwa ola lathunthu mpaka kuyamba kudzifunsa kuti ndabwereranji, kenaka mwadzidzidzi mitengo yonse yadzaza, ma apalis, ma batis, ma white-eye, ma greenbul, mitundu yosiyanasiyana kuyendera limodzi ngati anthu opita kumsika. Gululi limadutsa mphindi zisanu kapena khumi basi. Musalitsate kumbuyo, muzingojambula michira. Onani komwe likupita, muzungulire mwakachetechete mukaime kutsogolo pomwe pali mpata, libwere lokha. Ndipo sankhani mbalame imodzi muikakamire, mukamati iyi, ayi iyo, ayi iyi, muphonya zonse.

Kukhala

Amene munakulira kumudzi izi mukuzidziwa kale. Tili ana tinkatchera ulimbo pa kamtengo pafupi ndi chitsime, n'kukabisala patchire osatsokomola, osakanda olo udzudzu ukulume, mpaka mpheta itere. Sitinkathamangitsa mbalame, tinkadziwa pomwe itere. Luso lake ndi lomwelo, kungoti pano kambalame kamauluka kali moyo.

Mukapeza malo, musayang'ane mbalame kaye, yang'anani nthambi. Dzifunseni kuti ndikanakhala ine kambalame ndikubwera kudzamwa apa, ndisanatsike ndikanatera pati. Nthawi zambiri pamakhala kanthambi kopingasa kapena chipika cha ndere, theka la mita kapena mita imodzi kuchokera pansi. Kameneko ndiye siteji yanu. Kenaka onani kumbuyo kwake. Ngati kuseri kwa kanthambiko kuli ziyangoyango pafupi, chithunzi chidzakhala chapiringupiringu, koma ngati masamba akumbuyo ali patali mamita angapo, adzasungunuka n'kukhala kubiriwira kosalala kokongola kuja. Pena kusuntha phazi limodzi kumanzere kumasintha zonse. Pewani pomwe kumbuyo kukuoneka timabowo ta thambo loyera, timatuluka ngati timipira towala tolanda maso.

Khalani pansi, msana mutsamire pa mtengo waukulu kuti thupi lanu lisaoneke ngati munthu woima, dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena chakumbali. Lenzi ilozeni kale pa kanthambi kaja, muike fokasi pomwepo, mujambule chithunzi chimodzi choyesera muone ngati kuwala kuli bwino. Mukatero khalani duu. Mphindi 15 kapena 20 zoyamba palibe chichitike, nkhalango ikukuwerengani. Foni ikhale pa sailenti ndipo musaitulutse, nkhope yowala ndi chala choyendayenda mbalame zimaona. Gaidi mumuuziretu kuti tikakhala pasakhale nkhani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, akuluakulu sananame, ine malo amodzi ndimakhalapo ola limodzi ndisanaganize zosamuka, pena awiri.

Kafika

Mumayamba ndi kuona tsamba likugwedezeka popanda mphepo. Mtima umayamba kugunda, ndipo apa ndi pomwe anthu amaonongera, kudzambatuka n'kukweza kamera mwachangu. Ayi. Ngati munalozeratu, chomwe chatsala ndi kutsitsa diso pang'onopang'ono kufika pa kamera. Ngati katera pena, dikirani kayang'ane kumbali kapena kayambe kujompha chinthu, nde musunthe lenzi, kakakuyang'anani imani. Kakatera koyamba ine sindijambula msanga, ndimakasiya kamwe kapena kadye kaye kamodzi, kakatero kamamasuka ndipo kamabwereranso kangapo. Mukakaopsa ulendo woyamba basi mwatsazikana.

Kadontho ka fokasi kakhale pa diso. Osati pamimba, osati paphiko. Pa f/4 muli pa mamita 5, malo akuthwa ndi ochepa kwambiri, masentimita owerengeka, moti mukagwira phiko diso limakhala lofuwa ndipo chithunzi chafa. Fokasi ikakana chifukwa cha timitengo, igwiritseni kaye pa thunthu kapena nthambi yomwe ili mtunda wofanana ndi mbalameyo kenaka mubwerere, kapena potozani ndi dzanja. Jambulani tizigawo tating'ono, zitatu zinayi, kupuma, zitatu zinayi, osangokanikiza ngati mfuti ya chiwaya mpaka kamera kubanika pamene kambalame kayamba kuimba. Dikirani katembenuze mutu pang'ono kuti kakuwala kagwere m'diso, kadontho koyera kameneko ndi kamene kamapatsa chithunzi moyo. White-starred Robin ili ndi kanyenyezi koyera pakhosi ndi pamwamba pa diso komwe nthawi zambiri kamabisika, kamaoneka ikamaimba kapena ikatekeseka, nde ikatsegula kukamwa chala chikhale chokonzeka.

Kuwala muzikuyang'anira. Mbalame ikakhala m'mwamba kumbuyo kuli thambo, kamera imapusitsika n'kuidetsa, onjezerani exposure, kuwala kwa chithunzi, ndi +1 kapena kuposerapo. Ikakhala pamalo akuda koma ili ndi poyera ngati pakhosi pa alethe, chepetsani ndi -1/3 kapena -2/3 kuti poyerapo pasapse. Koma kunena zoona zithunzi zojambula chagada, khosi lili kuwawa, sizikhala bwino kawirikawiri, mumangoona mimba. Ku Zomba ndi ku Mulanje mwayi ulipo woti ndi kumapiri, pezani njira yodutsa m'mbali mwa chigwa pomwe nsonga za mitengo ya kumunsi zili molingana ndi maso anu, White-winged Apalis amene amakonda pamwamba mumamupezera choncho.

Zimachitikanso kuti kambalame kazolowera mpaka kubwera pafupi zedi, mita imodzi, lenzi osathanso kugwira chifukwa malenzi aatali ambiri amafuna mamita awiri kapena atatu. Mbalame ikatera pa uta siilasika. Musabwerere m'mbuyo, ingokaonani ndi maso, kachoka kokha kakateranso patali pabwino.

Za sipika, zisa ndi fulashi

Apa ndilankhule mosapsatira. Pali chizolowezi choliza kulira kwa mbalame pa foni kapena sipika kuti ibwere. Zimagwira ntchito, n'chifukwa chake anthu amazikonda, koma dziwani chomwe chikuchitika: yaimuna ija ikuganiza kuti mdani walowa m'dera lake, imasiya kudya, imasiya kudyetsa ana, n'kumalimbana ndi mdani woti kulibe. Pa mbalame wamba kamodzi kwa timasekondi tochepa mwina sipangaonongeke zambiri, koma pa Thyolo Alethe ndi Yellow-throated Apalis zomwe zatsala zochepa kale, ndipo malo ozionera ndi omwewo omwe alendo onse amapitako, ine sindiliza ndipo gaidi akafuna kuliza ndimamuletsa mwaulemu. Komanso chithunzi chake chimadziwika, mbalame imaoneka yolusa, nthenga zili nyankhalala.

Chisa mukachipeza mwangozi chokanipo. Osathyola masamba ochiphimba kuti chioneke bwino, masamba amenewo ndi omwe akuchibisa kwa anyani, njoka ndi akhungubwe. Osaikanso pa Facebook malo enieni a chisa, anyamata a malegeni nawonso ali pa intaneti. Fulashi ine sindigwiritsa ntchito, imachititsa kumbuyo kuda ngati usiku ndipo nthenga zimaoneka ngati pulasitiki, makamera a masiku ano ISO yake ndi yokwanira.

Chinyontho

Mdani wa lenzi kuno si kugwa, ndi nkhungu yomera mkati mwa magalasi. Mukachoka kunkhalango musasiye kamera m'chikwama chonyowa n'kuiponya mu wadiropu. Itulutseni, muipukute, lenzi muitambasule iume pamalo podutsa mphepo, kenaka muisunge mu kontena yotseka bwino ya pulasitiki pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a mankhwala. Tikanyowa mumatiumitsa padzuwa lamphamvu kapena mu uvuni wosatentha kwambiri. Ine lenzi yanga yoyamba inamera tiulusi ngati ukonde wa kangaude nditaisiya mwezi wa Febuluwale wonse m'chikwama, kukonzetsa kwake ndalama yake sindifuna kuikumbuka. Komanso m'mawa mukatuluka m'chipinda kapena m'galimoto, galasi likachita nthunzi musalipukutepukute, lipatseni mphindi khumi lizolowere mpweya wa panja.

Pa kompyuta

Mukafika kunyumba koperani zonse kaye malo awiri musanafufute kalikonse. Kenaka sankhani mopanda chisoni, kulitsani chithunzi chilichonse pa diso, ngati diso silakuthwa tayani, olo kaimidwe kakhale kokongola bwanji. Pa 400 mukatsala ndi 10 mwagwira ntchito.

Choyamba kukonza ndi mtundu. Kuwala kwa m'nkhalango kumadutsa m'masamba nde chilichonse chimatuluka chobiriwira, pakhosi poyera pa alethe pamaoneka ngati pathiridwa madzi a chisoso. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya Lightroom, kapena darktable ngati mukufuna yaulere, kankhirani tint pang'ono kuchoka kobiriwira kupita ku magenta, kuja kwapinki, mpaka zoyera ziyere, koma osapyola mpaka masamba kusanduka ofiirira. Kenaka chotsani mchenga uja, Denoise ya mu Lightroom kapena DxO PureRAW zimachita zodabwitsa pa ISO 6400, kungoti mukanyanya nthenga zimasalala ngati sopo. Podula chithunzi musafinye mbalame, siyani mpata mbali yomwe ikuyang'ana, ndipo siyaniko ndere, tsamba, kachiyangoyango, anthu aone kuti kameneka kamakhala m'nkhalango osati mu situdiyo. Saturation, yokoleza mitundu ija, ichepe, apalis ndi wachikasu kale safuna thandizo lanu.

Mukamaliza lembani pa eBird zomwe mwaona ndi tsiku lake, mndandanda wa mapiri athuwa udakali woonda poyerekeza ndi maiko ena ndipo ochita kafukufuku amaugwiritsa ntchito. Gaidi uja mutumizireni zithunzi ziwiri zitatu pa WhatsApp, amaonetsa alendo ena ndipo ulendo wina akakuonani amakuuzani msanga komwe linthumbu ladutsa m'mawa umenewo. Ndipo mu kabuku kanu lembani mtengo weniweni, ola, ndi mbali yomwe kuwala kunachokera, chifukwa robin wa pa chipika chija sabata yamawa adzakhala pomwepo, inu mudzangobwera ndi saka lanu lokhalira cha m'ma hafu pasiti 6.